Nkhope ya Amalume Inakana Kutuluka

Ngati simunaimve nkhaniyi ndiye kuti madzi mumatunga kwina, osati pa mjigo wa kumunsi kwa malayini, nyumba za antchito a pa esiteti ya tiyi. Sabata yonse ija pakamwa pa anthu panali Crispin basi. Akuti anamuona akutuluka m'nyumba mwa Queen ku Khonjeni, masanasana, anthu ali m'maso. Ena ankati anatuluka akukonza kolala ya shati. Ena ankati ayi, ankabisa kanthu m'thumba. Mayi wina amene chaka chino sanapondeko n'komwe ku Khonjeni ankalumbira pali Mulungu kuti anamva kuseka m'katimo.

Tsoka lake, Crispin yemweyo ndi amene ankafunsira Tisungane, ndipo Lamulungu likubweralo linali tsiku la ankhoswe. Tisungane akangotulukira ndi chidebe chake, mjigo wonse unkayamba kudandaula za nandolo kuti chaka chino sanabereke. Iye ankadziwa. Mtsikana akamanenedwa msana umamuuza.

Koma imani kaye ndikuyalireni bwinobwino, poti ena mwangofika kumene.

Mwinimbumba wa Tisungane ndi a Dixon, alongo awo aakulu a mayi ake. Kwathu kuno mukudziwa, mwana wamkazi sapita kubanja amalume asanatsegule pakamwa. Koma a Dixon ali kunja kwa dziko, ku Kepu, amagwira ntchito m'sitima zopha nsomba, ndipo Lolemba m'mamawa ankalowa m'nyanja, kopanda netiweki, osabwerako mpaka mvula itagwa. Iwowa Crispin ankamukonda, anamuona akukula. Vuto linali ang'ono awo, a Jacob. Mtima wa a Jacob unali pa Douglas, kalaliki wa ku ofesi ya esiteti, amene anawapezera ntchito ya ulonda. A Dixon akanangopita osanena mawu pamaso pa abale, mbumba ikanatsala m'manja mwa a Jacob, ndipo Tisungane akanangodzuka tsiku lina ali mkazi wa Douglas.

Atamva kuti akulu awo alankhula pa foni, a Jacob anaseka mpaka kutsokomola.

"Ukwati wa pakhutu? Foni ndi ya munthu mmodzi. Mwinimbumba amakhala pa mpando, aliyense n'kumamuona. Ngati achimwene akufuna kulankhula, akhale pa mpando wawo, nkhope yaikulu ngati ya munthu, azakhali a maso ofooka aja aone okha kuti ndi iwodi. Apo ayi, nkhaniyi ndi yanga."

Iwo ankayesa atseka chitseko. Crispin anangowomba m'manja n'kunena kuti, "Zitheka, amalume."

Mayi wanga ine! Akanadziwa akanangokhala chete.

* * *

Kumayambiriro kwa sabata, nkhani ya Queen isanabadwe, Tisungane anakhala pa khomo pa Crispin ku malayini, chitseko chili chotsegula kuti aneba asapeze chokamba. Pa tebulo panali laputopu imene msuweni wake wa Crispin anamusiyira. Inkayaka bwinobwino, kamera yake yabwino, koma galasi lake linasweka, kuda bii ngati mwatayikira inki. Pambali pake panali monita yakale imene anabwereka kwa aphunzitsi.

"Tisu, taona. Amalume ako akhala umu."

"Mwakuda chonchi? Amalume anga ndi oyera, usawadetse."

Crispin anaseka n'kutembenuza monita ija. Kumbuyo kwake kunali mabowo awiri, lina labuluu la timaso tambirimbiri ngati chisa cha mavu, lina loyera lotalikirapo. Pa laputopu panali kabowo kamodzi kopyapyala.

"Labuluuli ndi VGA. Loyerali akuti DVI, koma ilo sindikulidziwa ntchito yake. Ka pa laputopuka ndi HDMI."

"Mayina ngati mabungwe ogawa ufa."

"Iwe, usaseke, ukwati wathu uli m'mabowo amenewa."

Anatulutsa chingwe chimene anagula kwa mnyamata wa m'mbali mwa msewu ku Luchenza, mutu wina wabuluu, mutu wina wopyapyala. Wogulitsayo anamuuza kuti chimenechi chimagwira paliponse, ngakhale pa wailesi. Mitu yonse inalowa ngati inabadwira momwemo. Crispin analumikiza batire, invetala inalira, monita inaphethira. Kenako panangobwera kachikwangwani koyendayenda pa galasi: No Signal.

"Akuti chiyani?"

"Akuti palibe chikubwera."

Anazula, anauzira, anabwezera. Chimodzimodzi. Tisungane anaona thukuta pamphuno pa Crispin, kunja kukuzizira chonchija, mtima wake unagwa.

Mawa lake Crispin anamulembera meseji. Akuti anafunsa wometa wina amene amadziwako zamagetsi, ndipo anamuuza kuti laputopu imalankhula chatsopano, bowo labuluu limamva chakale, chingwe chabe sichingawagwirizanitse. Pamafunika kabokosi pakati, kotanthauzira, ngati mkulu wa mpingo uja amene amabweza ulaliki m'Chilomwe kuti agogo amve.

Tisungane anayankha kuti, "Ndiye ukapeza kuti?"

"Usadandaule Tisu wanga. Ndadziwa kopita."

Sanamufunse kuti ndi kuti. Apa ndiye pamene ankadzitukwanira pambuyo pake.

* * *

Queen mukumudziwa, wa vidiyo sho ya pa Khonjeni, woyenda ndi makiyi m'khosi. Anali chibwenzi cha Crispin kale, ndipo atasiyana analumbira pa msika anthu akumva kuti, "Ameneuja akadzakwatira ine ndisanakwatiwe, mudzandimete mpala."

Loweruka masana chiperoni chinatsika, minda ya tiyi yonse inabisala mu nkhungu. Tisungane anamudikirira Crispin pa kanjira ka pakati pa masamba, atafunda chitenje mpaka kumutu.

"Mwaswera bwanji, a Crispin?"

"A Crispin? Lero ndakula liti?"

"Mwakula. Amuna a nyumba ziwiri ndi akuluakulu."

Crispin anaima. Sanakane. Anapisa m'thumba n'kutulutsa kabokosi kakuda, kochepa ngati ka machesi, mbali ina mutu wa timano tambiri, mbali ina kabowo kopyapyala.

"Ndimakatenga ichi, Tisu. Khonjeni yense ali nako ndi iye yekha."

"Ndiye kameneka kamatengedwa kuchipinda?"

"Kuchipinda kwa ndani? Ndinakhala pa mpando wa pakhomo. Ulendo woyamba anati kali kwa mchimwene wake. Ndinabwereranso, anati makiyi a sutikesi asowa, ndidikire. Anandipatsa tiyi, sindinamwe. Dzulo ndi pamene anandipatsa."

"Tiyi simunamwe. Zikomo kwambiri, mwandisungira ulemu."

"Tisu..."

"Bwanji simunandiuze?"

"Ukanalola?"

"Ayi."

"Ndiye ukuona."

"Ndiye munaona kuti bola ndikamvere pa mjigo, pakamwa pa amayi opanda mano, ine nditasenza chidebe?"

Misozi inayamba yokha, iye asanaipatse chilolezo. Chimene chinkamupweteka kwambiri n'chakuti theka la mtima wake linkamukhulupirira Crispin. Akanakhala kuti sakumukhulupirira n'komwe, bwenzi atangomutaya n'kumapita.

Crispin anayandikira. "Monita ndi batire ankhoswe anga anasiya kale kwanu. Ndilole ndibwere ndidzayese kabokosika lero, mawa tisachite manyazi."

"Amayi ati musaponde pakhomo pathu mpaka mutabwera ndi ankhoswe."

"Ndiye tenga laputopu ndi kabokosika, ukalumikize wekha. N'kosavuta."

Tisungane anakayang'ana kabokosi kaja. Kankanunkhira mafuta odzola, ndipo mafutawo sanali a Crispin.

"Chinthu cha Queen sichigona m'nyumba mwathu."

Anatembenuka n'kumapita. Asanafike n'komwe pa msewu foni yake inalira. Meseji, nambala yachilendo.

"Achemwali, mukakasamale kabokosi kangako. Zanga ndimabwereketsa koma zimabwerera zokha ndisanazifune."

Inali ya Queen. Tisungane anangoiwerenga, n'kuiwerenganso, mpaka galasi la foni linanyowa.

* * *

Lamulungu atatuluka ku tchalitchi, abale anasonkhana pansi pa mtengo wa mapeyala kwa amake Tisungane. Nyemba za kalongonda zinali zitawira kuyambira dzulo lake. Mpando wa a Dixon, wa ndalema uja, anautulutsa, anaikapo monita, ndipo amake Tisungane anakoleka jekete lakale la alongo awo kumbuyo kwake kuti zioneke ngati munthu. Azakhali a maso ofooka aja atafika anagwada patsogolo pa mpandowo n'kuwomba m'manja.

"Mwafika liti, Dixon? Koma mwaondatu."

Ana anaseka. Tisungane sanaseke. Anakhala pa mkeka pambali pa mayi ake, mutu pansi, foni yake m'manja itatsegula bandulo kuti laputopu ikokepo netiweki.

Crispin anafika ndi ankhoswe ake, atavala shati yoyera, maso ofiira. Anapereka moni mogwada, palibe anamuyankha ndi mtima wonse. Kenako anayamba kulumikiza. Mutu wa timano wa kabokosi unalowa pa bowo labuluu la monita, thi! Chingwe china chochoka pa laputopu chinalowa pa kabowo kopyapyala, thi! Zonse zinakwanirana bwinobwino. Tisungane anapuma. Mumtima anati, Ambuye, nkhope ingotuluka, zina zonse tikakangana tili m'banja.

Monita inaphethira.

No Signal.

Crispin anazula n'kubwezera. Anauzira. Anapukuta ndi shati yake yoyera ija. Anathimitsa laputopu n'kuyatsanso. Kachikwangwani kaja kankangoyenda, kukagunda ngodya iyi, kubwerera ngodya iyo, osapupuluma.

"Kaya achimwene akusamba," anatero a Jacob. "Ku Keputu kumazizira, madzi amachedwa kufunda."

"Amalume, pang'ono pokha."

"Ife tilibe changu, mwana wanga. Changu chili ndi sitima."

Ndiye taonani zodabwitsa! Pa msewu pankadutsa Douglas, shati yosita, nsapato zowala ngati matope a chiperoni amamuopa. Munthu amene nyumba yake ili kutsidya, kumakalaliki, ankadutsa bwanji kumeneko? Inu ganizani nokha.

"A Douglas!" anakuwa a Jacob. "Tabwerani mutithandize kuno, inu mumagwira zimenezi ku ofesi."

Douglas anabwera akukanakana ngati mkwatibwi. Anapereka moni kwa aliyense, anagwadira azakhali, kenako ananyamula kabokosi kaja ndi zala ziwiri.

"Achimwene, kameneka anakupatsani ndani?"

Ankafunsa dala. Aliyense ankadziwa.

"Kabokosi aka n'kabwino, sikanafe ayi. Koma kamayenda njira imodzi, ngati madzi a mtsinje wa Nsuwadzi. Ntchito yake n'kutenga chithunzi pa kompyuta yakale, ya bowo labuluu, kupititsa pa TV yatsopano. Inu mukufuna chithunzi chichoke pa chatsopano chipite pa chakale. Mukukakamiza mtsinje kukwera phiri. Mwini wakeyo amadziwa zimenezi, poti amakagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku."

Tisungane anatseka maso. Queen! Anadziwa kuyambira pachiyambi. Anamuyendetsa Crispin uku ndi uku kuti anthu amuone, kenako n'kumupatsa chinthu chosagwira.

Koma Douglas anali asanamalize. Anatembenuza monita n'kuloza bowo loyera lija.

"Chikundidabwitsa ine ndi ichi. Monita iyi ili ndi DVI. Bowo loyerali ndi HDMI ndi pachibale, amamvana okha, safuna kabokosi. Chingwe wamba, mutu wina woyera, mutu wina wopyapyala, basi amalume bwenzi atakhala kale pa mpando. Mawu bwenzi akutulukira pa laputopu. Zingwe zimenezi m'masitolo a ku Luchenza zimapezeka." Anamwetulira mwaulemu. "Ndiye pepani, mwina ndine wosamva. Kwa Queen kuja mumakatenga chiyani kwenikweni?"

Maso onse anatembenukira kwa Crispin. Ngakhale nkhuku zinasiya kupalasa.

"Sindimadziwa," anatero Crispin. "Pali Mulungu, za bowo loyeralo sindimadziwa."

"Ulendo woyamba simumadziwa," anatero a Jacob. "Wachiwiri simumadziwa. Njira yokha ndiye mumaidziwa."

Amake Tisungane anafunditsa nkhope ndi chitenje. Ankhoswe a Crispin ankangoyang'ana nyerere.

* * *

Nthawi yomweyo foni inalira m'manja mwa Tisungane. A Dixon, atatopa kudikira. Asanaiyankhe, dzanja la a Jacob linali litafika kale.

"Bweretsa kuno. Ana salankhula ndi mwinimbumba pa bwalo."

Ndiye munthu yemwe uja ankati ukwati sukambidwa pakhutu, anaika foni pakhutu, n'kulowera nayo kuseri kwa nthochi! Palibe anamva zimene ananena. Ankangoona dzanja likuloza ku Khonjeni, likulozanso ku Khonjeni. Atabwerako anamuponyera Tisungane foni pamiyendo.

"Achimwene ati mwana wa mlongo wawo sangamupereke kwa tambala wa makola awiri. Ati zotsala ndione ine. Alendo, tathokoza, kalongonda mudzadya tsiku lina."

Ankhoswe anamugwira Crispin pamkono. Iye anayang'ana Tisungane, kufuna kuti mwina anene kanthu, ngakhale kumutukwana. Tisungane anayang'ana kumbali. Ankangoganiza za dzulo lija. Akanalandira kabokosi kaja n'kukayesa, bwenzi atadziwa kukadali nthawi, bwenzi Crispin atathamangira ku Luchenza masitolo asanatseke. Koma anakana chifukwa cha fungo la mafuta.

Crispin ananyamuka osatenga chilichonse. Laputopu anaisiya pa mkeka, monita pa mpando, jekete likulendewera kumbuyo kwake.

Tisungane anathawira kuseri kwa bafa n'kuimba foni. Inaitana nthawi yaitali.

"Amalume, ndine Tisungane."

"Mwanawe, wandichititsa manyazi ndili kutali."

"Amalume, si mmene akuuzirani. Crispin amakatenga..."

"Usandiuze pa foni. Jacob wandiuza zake pa foni, iwe undiuza zako pa foni, ine ndikhulupirire khutu liti? Mnyamata uja ndimamudziwa kuyambira ali wosavala. Akanama, diso lake lakumanzere limaphethira. Ngati ali ndi choyankha, ayankhe pamaso pa abale onse, ine ndikumuona, iwonso akundiona ndili pa mpando wanga monga tinapanganira. Dzuwa likalowa ndikuthimitsa foni, ndilongedze. Ukalephera, usadzandidandaule. Umvere Jacob."

Foni inaduka.

Tisungane anakhala pansi pomwepo, pa dothi lonyowa. Linali Lamulungu. Ku Luchenza masitolo anali otseka, ndipo ngakhale akanakhala otsegula, kabaza wa m'matope amenewa akanabwerako mdima utagwa. Analira mopanda mawu, kulira koopa kuti a Jacob angamve n'kusangalala.

"Tisungane."

Anadzidzimuka. Douglas anali ataima pafupi ndi mpanda wa bafa, manja m'thumba.

"Mukufunanso chiyani? Simunakhute?"

"Ine ndangonena zoona. Kapena ndanama penapake?"

Sananame. N'chimene chinkawawa.

"Ndamva zimene anena amalume ako," anapitiriza motsitsa mawu. "Chingwe cha mutu woyera chija ine ndili nacho. Chili m'dirowa kunyumba kwanga, sindichigwiritsanso ntchito."

Tisungane anaimirira mofulumira mpaka chitenje chinamasuka. "Ndibwerekeni, a Douglas. Chonde. Ndituma munthu pompano."

"Otumidwa ine sindiwapatsa zinthu zanga, amataya."

"Ndiye Crispin abwere."

"Ameneyo asayerekeze, galu wanga sakonda anthu onunkha mafuta a eni." Anaseka pang'ono. "Ubwere wekha. Ulowe, ukhale pa mpando, umwe tiyi ngati mlendo. Sindikugwira ngakhale chala, ndine munthu wopemphera. Ukatha utenge chingwe uzipita, amalume ako akhale pa mpando wawo."

"Ndipo anthu akandiona ndikutuluka m'nyumba mwanu?"

"Ukawauze kuti umakatenga chingwe." Anakweza mapewa. "Mwina iwe akukhulupirira."

Anatembenuka n'kumapita pang'onopang'ono, akulambalala zithaphwi.

Tisungane anayang'ana kumwamba. Nkhungu inali itang'ambika pang'ono, dzuwa lofooka litapendekera kale ku mapiri. Njira ya kumakalaliki ndi imodzi yokha, ndipo imadutsa pa mjigo penipeni, nthawi imene amayi onse amatunga madzi a madzulo. Akapanda kupita, a Dixon athimitsa foni ndipo iye ndi wa Douglas. Akapita, mawa mjigo wonse udzakhala ukuti mkwatibwi anatuluka m'nyumba mwa kalaliki akubisa kanthu m'chitenje, ndipo a Jacob adzanena kuti mwana wasankha yekha khomo. Nanga Crispin, amene Tisungane sanamukhululukire dzulo lomweli, akamva adzamukhululukira?

Anamanga chitenje mwamphamvu. Anafika pa mpata wa mpanda, phazi limodzi kunja, linalo m'kati, n'kuima.

Tandiuzani inu amene mukuwerenga, musandinamize: akanakhala mchemwali wanu waima pa mpata umenewu, mukanamukankha kuti apite, kapena mukanamugwira chitenje?